Fyuluta ya Optolong L-eXtreme: Carina yatuluka mkati mwa tauni

Abale, kafyuluta aka, kagalasi kosefa kuwala koika pakati pa telesikopu ndi kamera pojambula zakuthambo, ndakagwiritsa ntchito miyezi ingapo tsopano ndipo ndalama yanga sinapite m'madzi ayi. Ndimajambulira kuseri kwa nyumba, mtauni momwe magetsi amawalitsa kumwamba mpaka nyenyezi kuchita kuwerengeka, ndiye kale zithunzi zinkangotuluka mbuu.

Iko kamatchinga kuwala kwina konseko nkungolola mizere iwiri, H-alpha pa 656 nm (nanomita, muyeso wa mafunde a kuwala), kufiira kuja kwa hydrogen, ndi OIII pa 501 nm ya oxygen, uliwonse kampata kake 7 nm basi. Mu Epulo mvula itadukiza ndinalozetsa telesikopu kummwera pa Carina Nebula, NGC 3372, chimtambo cha gasi ndi fumbi cha kuthambo, mwezi uli theka, chithunzi chilichonse mphindi 5, mame akunyowetsa juzi, ndipo nditaziphatikiza pa kompyuta za maola atatu ndinangoti kakasi. Mitambo yofiira ija, timizere takuda tafumbi tikudutsa pakati, ndi Keyhole yomwe, kamtambo kooneka ngati bowo la kiyi, kuoneka pambali pa nyenyezi ya Eta Carinae! Ndinadzutsa mkazi wanga kuti adzaone.

Koma dziwiranitu, kuwala kolowa nkochepa ndiye kupeza fokasi kumafuna kudekha, komanso maunti yanu, chija chonyamula telesikopu, izitsata nyenyezi bwinobwino. Pa magalakisi kapena gulu la nyenyezi la Pleiades kachotseni, si ntchito yake.

Ngati kamera yanu ndi ya kala ndipo mumakonda ma nebula otulutsa kuwala kwawokwawo, gulani. Ine ndikudikira nebula ya Tarantula ikwere kumapeto kwa chaka.