Ntchito yanga ya madzulo: kuphunzitsa ana baseball ku Indiana

Abale anga kumudzi, mwakhala mukundifunsa za zithunzi zomwe mumandiona nditavala kapu ndi chigolovesi kudzanja limodzi. Kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, komwe Amalawi tilipo ochulukirapo ndithu, ndimathandizira kuphunzitsa timu ya baseball ya ana a zaka 9 ndi 10. Palibe malipiro. Makochi ambiri ndi makolo ongodzipereka, ndipo asanakulole kuyandikira ana amayamba akufufuza ngati unapalamulapo mlandu. Ine ndimapita ndikaweruka kuntchito yanga yosamalira okalamba, kuyambira mu April kuzizira kukachepa mpaka mu June.

Kaseweredwe kake nkotere. Woponya amaponya mpira wolimba waukulu ngati lalanje, womenya amayesa kuumenya ndi chibonga, akaumenya amathamanga kuzungulira mabesi anayi, malo opondapo omwe ali m'makona anayi. Akauphonya katatu watuluka, abwere mnzake.

Chimene chinandigwira mtima m'masewerowa ndi kuchuluka kwa kulephera. Mu Major League Baseball, ligi ya akatswiri, munthu womenya bwino maulendo 3 pa 10 alionse amatamandidwa kwambiri, chikhalirecho maulendo 7 wabwerera chimanjamanja. Ndiye taganizani za mwana wa zaka 9. Pa mpira wamiyendo wofooka amabisala mwa anzake, koma pano amaima yekhayekha, amayi ake ndi agogo ake akumuyang'ana. Akaphonya kachitatu ayenera kuyenda yekha kubwerera ku benchi, ndipo ambiri amafika misozi ili lengelenge.

Ntchito yaikulu ya kochi ili pa ulendo wobwererawu. Timamuchingamira, kugwada kuti maso alingane, n'kumufunsa chomwe waona: mpira unadzera m'mwamba kapena m'munsi? Mwana akayamba kufotokoza, kulira kumatha kokha, chifukwa maganizo achoka pa manyazi, apita pa mpira. Tikatero timamukonza chinthu chimodzi basi, mwina kaimidwe ka miyendo, mwina mutu womwe umathawa mpira usanafike. Ukamuuza zinthu zisanu sagwirapo n'chimodzi chomwe. Lamulo lathu ndi lakuti kukwiya nkololedwa, koma kutaya chipewa kapena chibonga pansi ayi. Uike zida pamalo pake, uimirire, ulimbikitse mnzako amene akumenya. Ambirife tinakula tikudziwa kuti wolakwitsa amakalipiridwa pagulu kuti asadzabwerezenso. Ndaona ndi maso anga kuti mwana woopa kukalipiridwa amasiyiratu kugwedeza chibonga, amangoima njo kudikira kuti woponya alakwitse yekha.

Tinali ndi kamnyamata kena komwe mpira unakamenya m'nthiti, kuyambira pamenepo mpira ukamabwera kankadumphira m'mbuyo. Tinayambiranso ndi mpira wa tenisi, kuuponya chapafupi pang'onopang'ono, n'kumatalikira tsiku ndi tsiku. Tsiku limene kanakhudza mpira pa masewero enieni, mpirawo unapita kunja kwa mzere, sunawerengedwe, koma benchi yonse inakuwa.

Mwana wanga atafunsa ngati aliponso a ku Africa m'masewerowa, ndinafotokozera timu yonse za ana a ku Lugazi, ku Uganda, omwe mu 2012 anakhala timu yoyamba ya ku Africa kusewera mu Little League World Series, mpikisano wa ana wa dziko lonse lapansi, ku Pennsylvania, komanso za Gift Ngoepe wa ku South Africa, yemwe analowa ligi yaikulu mu 2017 ndi timu ya Pittsburgh Pirates.

Phunziro lina ndi la ife akuluakulu. Little League, bungwe loyendetsa baseball ya ana lomwe linayamba mu 1939 ku Williamsport, ku Pennsylvania, inakhazikitsa mu 2007 lamulo lowerenga mipira imene mwana waponya, chifukwa chigongono ndi phewa la mwana zimakhala zisanakhwime ndipo zimavulala akamaponya mopitirira. Wa zaka 9 kapena 10 asapitirire mipira 75 pa tsiku, wa zaka 11 kapena 12 asapitirire 85. Akaponya 66 kapena kuposerapo apume masiku anayi, pomwe woponya 20 kapena kucheperapo akhoza kuponyanso mawa lake. Kuwerengako ndi udindo wanga, ndimakhala ndi kachipangizo kodina m'manja.

Nthawi yowawa imafika pamene tikutsogola, woponya wathu wodalirika ali pamoto, koma nambala yakwana. Makolo ena amang'ung'udza poyera, ndipo kunena zoona alipo ena kuno amene amaiwala kuti awa ndi ana, mpaka kumakalipira woyimbira yemwe nthawi zambiri amakhala mnyamata wa kusekondale. Ife timapita pakati pa bwalo, kumuthokoza mwanayo, kulandira mpira n'kuupereka kwa mnzake, ngakhale tikudziwa kuti mwina tigonja. Madzulo ake ndimatumizira makolo ake uthenga wowauza tsiku limene mwana wawo adzaloledwe kuponyanso.