Kuchoka ku Blantyre Mpaka ku Karonga: Muime Pati, Mulambalale Pati?

Ulendo wa pa galimoto wochoka ku Blantyre mpaka ku Karonga, modzera kunyanja, ndauyenda kangapo. Woyambawo ndinalemba malo 14 oti ndione m'masiku 9, ndipo ndinabwerako thupi lili lefu, m'mutu mutatsala phula ndi fumbi basi. Pa ulendo wotere chimene chimatha msanga ndi masiku, osati mafuta. Choncho malo alionse ndimawafunsa mafunso awiri: andipatutsa bwanji pa msewu wanga, ndipo andionetsa chimene sindikachipezanso kutsogolo?

Tiyambe ndi mapiri. Mulanje palibe lolingana nalo. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo mkungudza wake mwachilengedwe sumera kwina kulikonse. Koma phiri limeneli silifuna munthu wachangu. Kuti mulidziwe pamafunika masiku atatu, wokutsogolerani, miyendo yolimba, ndi kugona m'timanyumba ta pamwamba. Mukangofika pa Likhubula, n'kusamba pa Dziwe la Nkhalamba, n'kubwerera, mwaona khonde lokha. Komanso lili kum'mawa, pamene inu mukulowera kumpoto. Phiri la Zomba lili pa njira yanu yeniyeni. Kuchoka m'tauni mumakwera ndi galimoto pa phula mpaka Ku Chawe, anyamata akukuonetsani ma strawberry m'timadengu m'mbali mwa msewu. Tsiku limodzi mutha kuona damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, ndi Emperor's View pamene anaima Haile Selassie mu 1965, Nyanja ya Chilwa ikuoneka mbee patali. Pa ulendo uno tengani Zomba. Mulanje mulisungire ulendo wake wokha, likuyenera ulemu umenewo.

Za nyama, anthu amakangana kwambiri pakati pa Majete ndi Liwonde. Onse awiri akuyendetsedwa ndi African Parks, Majete kuyambira 2003, Liwonde kuyambira 2015. Nkhani ya Majete ndi yonyaditsa: nkhalango imene opha nyama anaitsiriza inadzazidwanso, mpaka mikango inabwerera mu 2012. Koma kuti mukafike mumatsetsereka mapiri a Chikwawa n'kuyenda makilomita pafupifupi 70 chobwerera kumwera, ndipo m'tchire lake lowirira nyama mumachita kuzisaka ndi maso. Ku Liwonde mtsinje wa Shire umakusonkhanitsirani zonse. Kwerani boti madzulo, m'miyezi ya chilimwe. Mvuu zimatulutsa makutu ndi mphuno zokha, ng'ona zitayasamula pa mchenga, nkhwazi ikulira pamwamba pa mivumo. Tsiku lina tinazimitsa injini pafupi ndi njovu zisanu zikumwa madzi, moti tinkamva madzi akukhuthukira kukhosi kwa yaikuluyo. Njovu za kuno zinachuluka mpaka mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500, zochokera ku Liwonde ndi Majete, zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Liwonde wapambana, ndipo geti lake silili patali ndi msewu wopita ku Mangochi.

Nyanja muyenda nayo masiku ambiri, ndiye musagone pa gombe lililonse. Sankhani limodzi, pakati pa Chembe ndi Nkhata Bay. Ku Chembe, kumene alendo amati Cape Maclear, kuli Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wake mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Mukapalasa kupita pa chilumba cha Thumbi n'kuvala magalasi a m'madzi, mbuna za buluu ndi zachikasu zimakuzungulirani m'zala momwe. Mudziwo ndi wa asodzi, usipa uli mbwee pa matandala. Dziwani kuti m'madzi osaya a kumeneko muli likodzo, choncho mukabwerako kayezetseni. Nkhata Bay ndi ya miyala, madzi ake amayamba kuya pafupi, ndipo tsiku lofika sitima ya Ilala doko lonse limasanduka msika. Kondowole wa batala ndiye kwawo. Amene ali ndi ana apite ku Chembe chifukwa cha mchenga. Enanu, ngati masiku achepa, Nkhata Bay sikupatutsani, ili m'mbali mwa M5 momwemo, pomwe Chembe imakutengerani masiku awiri.

Apa pali malo amene ambiri amangodutsa, ndipo zimandiwawa. Mukachoka ku Monkey Bay n'kutulukira pa Golomoti, mishoni ya Mua ili pafupi. Ansembe a White Fathers anaitsegula mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a Kungoni. M'nyumba ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana, zopachikidwa mpaka kudenga, ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira pa kubadwa kwa mwana mpaka pa maliro. Ine ndinakulira kumudzi komwe gule amatuluka chaka ndi chaka, koma kunali ku Mua kumene ndinamvetsa chifukwa chake Chadzunda amavina motero, ndi mwambo umene Kasiyamaliro wasenza. Mnzake wa Mua ndi Chongoni ku Dedza, malo 127 a zojambula pa miyala amene UNESCO inawavomereza mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi nyau. Ndi chuma chachikulu, koma chamwazikana m'mapiri, ku Mphunzi, ku Chentcherere, ku Namzeze, ndipo muyenera kukwera msewu wa Khwekhwerere, kupeza wokulondolerani, kenako kutsikanso. Popanda wofotokoza, mungoona mizere pa thanthwe. Ku Mua maola atatu akukwanirani. Chongoni mudzaione pobwerera, ngati mudzadzere M1.

Pa Nkhotakota musachite kugona pongofuna kuona mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe pa nkhani ya ukapolo. Imani theka la ola, muuone, mugule nsomba pa Chia musanafike, muzipita.

Chisankho chovuta chili kumpoto: Nyika kapena Livingstonia. Nyika ndi paki yaikulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo sikufanana ndi kwina kulikonse. Zitunda za udzu zimangopitirira mpaka kumene maso athera, mbidzi ndi ntchefu zikudya poyera, m'nyengo ya mvula maluwa ali ponseponse. Mu June ndi July ku Chelinda kumagwa chisanu chenicheni, mumagona moto ukuyaka. Koma kuchoka pa Rumphi ndi makilomita oposa 100, ambiri a fumbi ndi miyala, maola anayi kapena kuposa. Kupita tsiku, kukhala tsiku, kubwerera tsiku. Ngati galimoto yanu ndi yotsika, musaizunze. Ngati ndi 4x4 ndipo muli ndi masiku atatu apadera, pitani osacheuka, ngakhale zitatanthauza kusiya Chembe.

Kwa ambirife yankho ndi Livingstonia. Mishoni imeneyi inayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo anaithamangitsira ku Bandawe mu 1881, kenako mu 1894 Dr Robert Laws anaikweza pa phiri la Khondowe. Ndiye ngati munaona manda a amishonale ku Chembe, n'kudutsa pa Bandawe, mwakhala mukuitsata nkhaniyi ulendo wonse, ndipo ku Stone House, nyumba ya Laws imene pano ndi yosungiramo zakale, mumaipeza itafika pake. Pafupi pomwepo pali mathithi a Manchewe, otalika mamita oposa 100, ndi phanga kuseri kwa madzi kumene Aphoka ankabisala pothawa adani. Za msewu mumvetse bwino. Wa Gorodi, wochokera pa Chitimba, ndi waufupi, makilomita 15 okha, koma uli ndi makona pafupifupi 20 okhota ngati chigongono. Ine ndinaukwera ndi galimoto yaing'ono, ndipo pa kona ina injini inatentha, tinakhala maola awiri pa dzuwa tikudikira kuti izizire, nyanja ili pansi pathu phee. Dzerani wa ku Njakwa, kufupi ndi Rumphi, kapena siyani galimoto pa Chitimba mukwere matola.

Mukatsika, kwatsala msewu wa m'mbali mwa nyanja, minda ya mpunga wa kilombero ikuyamba kuoneka. Mufike pa Karonga dzuwa likadalipo, kuti mupeze nyumba yosungiramo zakale isanatsekedwe. M'katimo mwaima Malawisaurus, chilombo chimene mafupa ake anafukulidwa m'boma lomwelo, chautali kuposa minibasi.