Pulinta ya Brother HL-L2350DW: yosunga bwino zimene mwatchera, koma yomvera kompyuta

Pulinta imeneyi timaigwiritsa ntchito mu ofesi yathu yaing'ono posindikiza makalata ndi malipoti. Imasindikiza zakuda zokhazokha, imatembenuza yokha pepala kuti ilembe mbali zonse ziwiri, ndipo thireyi yake imalowa mapepala 250. Pa zimenezi ndilibe nayo chifukwa. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi mabatani ake, chifukwa ndi pamene ambiri amakhumudwira nayo.

Kasikirini kake kamaonetsa mzere umodzi wokha, choncho munthu amayenda mmenemo ngati wopapasa mumdima: batani lokwera, lotsika, la OK lolowera mkati, ndi la Back lobwerera. Kuti muchepetse kagwiritsidwe ntchito ka tona, ufa wakuda umene pulinta imalembera, mumalowa pa General Setup, kenako Ecology, kenako Toner Save, n'kusankha On. Ngati mwangoona On pa sikirini n'kuchokapo osatsimikiza, palibe chimene mwasintha. Ndinazindikira zimenezi nditasindikiza tsamba limene makinawa amatulutsa loonetsa zonse zimene zatcheredwa, ndipo tsamba limenelo ndinalimata pakhoma pamwamba pa pulintayo.

Chimene ndimaiyamikira kwambiri n'chakuti zimene mwatsimikiza siziiwalika magetsi akathima. Akayakanso, makinawa amadzuka ali monga munawasiyira, ndipo kwa ife amene magetsi amatithimira ntchito ili mkati, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Komabe pali msampha. Zimene munthu wasankha pa kompyuta potumiza chikalata n'zimene zimapambana zimene zatcheredwa pa makina. Tsiku lina mnzathu anatumiza lipoti lochokera ku America, lokonzedwa pa pepala la Letter, la mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, pomwe mu thireyi munali A4 wathu wa masiku onse, wa mamilimita 210 ndi 297. Pulinta inangoima, ikudandaula kuti kukula kwa pepala sikukugwirizana. Iye anatha nthawi akudina mabatani, mwina akuganiza kuti makinawo afa, chonsecho vuto linali pa kompyuta yake. Kuyambira pamenepo, A4 ndi kusindikiza mbali ziwiri ndimatchera pawiri: pa makina, ndiponso pa kompyuta iliyonse imene yalumikizidwa.

Kulemba pasiwedi ya Wi-Fi ndi mabatani okwera ndi kutsika, chilembo chimodzichimodzi, n'kotopetsa zedi, ngakhale kuti munthu amachita kamodzi kokha. Ikalowa pa netiweki, n'kwapafupi kulemba adilesi yake ya IP, nambala imene imadziwika nayo pa netiwekiyo, mu pulogalamu yotsegulira intaneti pa kompyuta n'kusinthira zinthu pamenepo. Ilinso ndi Setting Lock, imene imatseka zotchera zonse ndi pasiwedi ya manambala 4, ndipo mu ofesi ya manja ambiri ndi bwino kuitseka.

Amene akuitanitsa kunja aonetsetse kuti ndi ya mavoti 220 mpaka 240, chifukwa yogulitsidwa ku America ndi ya mavoti 120, pomwe magetsi athu kuno ku Malawi ndi a mavoti 230.