Patha miyezi 14 chisokereni khoma la galaja

M'mawa uno ndatenganso tochi n'kuunika khoma la galaja yathu kuno ku Luton, mzinda wa ku England, kuyambira pakhomo mpaka kumapeto. Ndinakonza ming'alu iwiri pakhomali mu Seputembala chaka chatha. Chisanu chadutsa, dzuwa la Julayi ladutsa, tsopano ndingathe kunena zimene zagwira ndi zimene zakanika.

Khomali ndi la mabuloko opepuka otchedwa aircrete, a mamilimita 440 m'litali, 215 msinkhu, 100 kunenepa. Buloko lake umalicheka ndi sowo wamba. Mkati mwake muli timabowo ta mpweya tosawerengeka, n'chifukwa chake ndi lofewa ndipo limamwa madzi ngati chinkhupule. Ndikanaganizira bwino kufewaku, bwenzi lero ndikukamba zabwino zokhazokha.

Mng'alu waukulu unachokera pakona ya zenera n'kutsika mpaka pafupi ndi pansi, wotakasuka mamilimita 3. Ndisanaukhudze ndinamatapo kachipangizo kapulasitiki koyezera, ndipo kwa miyezi itatu sikanasunthe. Malangizo a BRE Digest 251, chikalata cha bungwe lofufuza za zomangamanga la BRE, amene akatswiri a zomangamanga kuno amatsata, amaika mng'alu wosapitirira mamilimita 5 m'gulu la zongoipitsa maonekedwe. Mtima unakhala pansi kuti si maziko akutitimira.

Umenewu ndinausoka ndi tizitsulo topota tosachita dzimbiri ta mamilimita 6. Ndinkakumba mzere wa pakati pa mabuloko ndi galayinda, kulowa mamilimita pafupifupi 30, kufika theka la mita uku ndi uku kwa mng'alu. Kenako kupukusa fumbi lonse, kunyowetsa kwambiri, kupopera phala lake la simenti, kukanikizamo chitsulo, n'kuphimbanso ndi phala. Mzere umodzi ndikasoka, wina ndinkaudumpha. Kunyowetsako musakupeputse. Mzere woyamba ndinangowaza timadzi, phala linauma ndikuona, mpaka ndinalikokota n'kuyambiranso. Fumbi nalo ndi loopsa pachifuwa, valani chotseka pakamwa ndi mphuno.

Lero pamenepo ndadutsitsa chikhadabo, sichikukola paliponse. Penti ili bwinobwino. Tizitsulo timeneti tinandidyera ndalama ndithu, koma sindikudandaula.

Chondiwawa ndi mng'alu wachiwiri, waung'ono, wa pafupi ndi chitseko. Ndinauona wochepa, ndiye ndinachita monga timachitira kumudzi: kuukulitsa pang'ono n'kutsira simenti yamphamvu, fosholo imodzi ku mafosholo atatu a mchenga. Chisanu chonse unali zii. Kutangotentha mu Julayi, kamzere kopyapyala ngati tsitsi kanatuluka m'mphepete mwenimweni mwa chigambacho, kutsata mmene chinayendera. Chigamba chili gwa, chimene chang'ambika ndi buloko.

Bambo wina woyandikana nafe, mmisiri wopuma pantchito, anagogoda chigambacho ndi kiyi n'kupukusa mutu. Akuti pa aircrete matope ayenera kufewa kuposa buloko, muyezo umodzi wa simenti, umodzi wa laimu, isanu ndi umodzi ya mchenga, kuti khoma likamakokana, matopewo azigonja. Anayezanso khoma ndi mapazi, n'kundionetsa kuti ndi lotalika kupitirira mamita 7 koma lilibe mpata wopumira, wolola khoma kukokana ndi kufutukuka osang'ambika, pamene opanga mabulokowa amalangiza kusiya mpata woterewu pa mamita 6 aliwonse. Khoma linadzipezera lokha popumira, ndipo ine ndinapatseka ndi simenti yolimba ngati mwala.

Loweruka likubwerali ndigumula chigambacho. Pamenepo ndicheka mpata woongoka kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kutsekamo mastic wofewa, phala lomata lotanuka ngati mphira, ndipo bambo aja alonjeza kudzaona kuti mbali ziwirizo zamangirirana bwino ndisanapake penti.