Kuchokera ku Salima mpaka ku Karonga m'mbali mwa nyanja: galimoto yahayala, yanu yomwe, kapena minibasi ndi Ilala?

Okutobala akamayandikira, makamaka sabata ya Tsiku la Anakubala, funso lomwe ndimalandira kwa anzanga akuntchito, akumpingo ngakhalenso alamu anga limakhala limodzi: tikufuna tiyende m'mbali mwa nyanja mpaka kumpoto, kodi tipeze galimoto yahayala yamphamvu ija, tipite pa kagalimoto kathu komweka, kapena tingokwera minibasi? Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kuti aliyense adziwerengere. Njira zitatu zonsezi ndinaziyendapo. Ndinenenso poyambirira pomwe kuti a galimoto zahayala ndili nawo mangawa, ndipo mumva chifukwa chake.

Tiyambe ndi mtunda, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100. Mukalowa msewu wa M5, Salima mpaka Nkhotakota ndi pafupifupi 110, Nkhotakota mpaka Nkhata Bay kudzera ku Dwangwa ndi ku Chintheche ndi pafupifupi 190, ndipo kukwera kuchokera ku Nkhata Bay kufika ku Mzuzu ndi pafupifupi 50. Kuchoka ku Mzuzu mumatenga M1, kutsika phiri la Chiweta, kukumananso ndi nyanja, n'kudutsa Chitimba ndi Chilumba mpaka ku Karonga, makilomita oposa 200. Pobwerera, ngakhale mutadzera kumtunda ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, ulendo wonse umapitirira makilomita 1,200, osawerengera zopatuka zopita kumchenga. Nambala imeneyi muisunge.

Amene amakulangizani za hayala amati msewu wakunyanja ndi woipa, umafuna galimoto yokoka matayala onse anayi. Zoti ndi woipa sindikutsutsa. Pamene ndinkadutsako, pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa phula linali lopapatiza, m'mphepete munali modyeka, maenje ali mbwee, milatho ina podutsa galimoto imodzi basi, ndipo tinkalimbirana njira ndi malole a shuga, njinga zonyamula matumba ndi mbuzi. Koma kuipa kumeneku sikufuna injini yaikulu. Kumafuna munthu woyendetsa modekha, dzuwa likadalipo. M'chilimwe matope kulibe, mitsinje yaphwa, ndipo kuyambira ku Salima mpaka ku Karonga msewu waukulu ndi waphula. Ma Sienta ndi ma Probox onyamula anthu amayenda mmenemo tsiku ndi tsiku atadzaza mpaka kubuti.

Tsono za hayala. Kampaniyo sindiitchula. Pafoni anandiuza mtengo wa patsiku, ndinawerengera masiku, ndalama n'kukwanira bwinobwino. Ndinafunsa ngati pali zina zowonjezera, iwo anati ayi bwana, mafuta okha ndi anu. Ndinapereka dipoziti, n'kusayina pepala, n'kunyamuka. Galimotoyo inali yabwino, zimenezo sindingawanamizire: yokwera, yoziziritsa mkati, ndipo maenje a ku Dwangwa inkangowameza. Zowawa zinadza tsiku lobweza makiyi. Mnyamata wa pa ofesi anapita kukawerenga makilomita, n'kubwera ndi kakalukuleta, n'kutembenuza pepala lija. Kuseri kwake, m'timalemba tating'onoting'ono ta Chingerezi, munalembedwa kuti mtengo wa patsiku umalola makilomita 100 okha, ndipo kilomita iliyonse yopitirira pamenepo ili ndi mtengo wake, msonkho n'kubweranso pamwamba.

Werengerani nokha. Tiyerekeze kuti ulendo wanu ndi wa sabata imodzi. Ndiye kuti akulolani makilomita 700, pamene msewu wokha, popanda kupatuka kulikonse, ukupitirira 1,200. Makilomita 500 otsalawo mulipira imodziimodzi. Mukawonjezera kulowa ku Senga Bay, kutsikira ku Kande, kukwera ku Livingstonia ndi kuzungulira m'tauni ya Mzuzu kusaka mafuta, ngongole ikungokwerabe inu mukusangalala osadziwa kanthu. Chimene chinandipweteka mtima si lamulolo palokha, pakuti malonda aliwonse ali ndi malamulo ake. Chinandipweteka n'chakuti ndinawauza momveka kuti ndikupita ku Karonga. Munthu wobwereketsa galimoto amadziwa kutalika kwa Karonga. Anadziwa kuti malire awo sangakwane, koma anakhala chete mpaka makiyi atabwerera m'manja mwawo.

Sizinathere pomwepo. Tayala limodzi linang'ambika m'mbali pamene ndinkapatukira lole pamalo podyeka phula. Ndinkadziwa kuti inshuwalansi ilipo, ndiye mtima unali m'malo. Anandiuza kuti inshuwalansi yawo siikhudza matayala ndi magalasi, zinthu ziwiri zenizeni zimene zimawonongeka pa msewu wa miyala youluka ndi m'mphepete mwakuthwa. Tayalalo linali lakale, mizere itayamba kale kufufutika, koma mtengo umene anandilembera unali wa latsopano. Pomaliza anawonjezera ya kutsuka, ati mkati muli mchenga ndi fungo la nsomba. Abale anga, munthu wapita kunyanja, wadutsa pa mlatho wa Chia pamene anyamata amakuimikira chambo m'mwamba kuti uone, abwerere chimanjamanja? Nsombazo ndinazimangirira panja, pagalasi loonera kumbuyo, monga timachitira tonse, koma ya kutsukayo anadulabe. Pa dipoziti yanga sipanabwerere ngakhale tambala, ndipo ndinawonjezeranso zina za m'thumba. Akuluakulu ankati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo ikaguluka mwini wake ndiye amatchula mtengo.

Sindikunena kuti onse obwereketsa galimoto ndi otero. Alipo achilungamo, ndipo nthawi zina hayala siithawika. Ngati mukuyenda nthawi ya dzinja, pamene mitsinje ya m'chigawo chimenechi imasefukira n'kudula msewu, kapena mukufuna kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota kukaona njovu pafupifupi 500 zimene anazisamutsa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, kapena kutsikira ku Usisya pa msewu wotsetsereka wochokera ku Mzuzu, kagalimoto kotsika musakazunze. Zikatero, musanapereke kalikonse, awalembe pa pepala ndi dzanja lawo mayankho awa: makilomita ololedwa ndi angati, opitirira ndi ndalama zingati, msonkho uli kale mkati kapena ayi, tayala ndi galasi zikawonongeka alipira ndani, ndipo galimoto ikafera ku Chilumba adzaitenga ndani. Akakupatsani dalaivala, funsani ngati chakudya ndi malo ake ogona zili pa inu. Jambulani matayala onse, sipeya yomwe, ndi nambala ya makilomita, iwo akuona.

Galimoto yanu ndiyo ine ndimaikonda pa ulendo umenewu, ndipo ndikunena za timagalimoto wamba tochokera ku Japan timene ambiri tili nato. Chifukwa choyamba ndi mafuta. Malo omwetsera alipo ku Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay, Mzuzu ndi Karonga, koma tonse tikudziwa kuti kuona pampu si kuona petulo. Mafuta akavuta m'dziko muno, madera akutali ngati amenewa ndiwo amayamba kuuma ndi kutsiriza kulandira. Kagalimoto ka injini yaing'ono mukakadzaza ku Salima kamakufikitsani ku Mzuzu muli ndi otsala, pamene chigalimoto chachikulu chimamwa ngati chikudziwa kuti ndalama si zake. Lamulo langa n'lakuti paliponse pamene ndapeza mafuta ndimadzaza, ngakhale thanki itangotsika pang'ono.

Chachiwiri ndi makaniko. Pa Dwangwa kapena pa Chintheche simungasowe munthu wodziwa kumasula Toyota yaing'ono, ndipo zipangizo zake zimapezeka pafupi. Musananyamuke ipititseni kugalaja: mabuleki, ladiyeta, malamba, mafuta a injini. Matayala akhale abwino, sipeya yopopa, jeke ndi sipanala zoti mwaziyesa kunyumba, ndi chigubu cha madzi. Kutentha kwa Okutobala kunyanja kumaphulitsa tayala lotha ndipo kumawiritsa injini yonyalanyazidwa. Mapepala onse akhale m'malo, poti marodibuloko ndi ambiri.

Malo amodzi amene ndimapempha aliyense kuti awalemekeze ndi Chiweta. Mukatsika phiri limenelo mwapondereza buleki njira yonse, mabuleki amatentha n'kuleka kugwira. Ikani giya yotsika, injini ikuthandizeni kugwira galimoto, ndipo musapikisane ndi malole a malasha kapena matanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam. Mukafika pansi n'kuona nyanja itatambalala kudzanja lamanja, mudzamvetsa chifukwa chake anthu amabwerera kumeneku. Kupitirira apo chenjerani ndi ng'ombe, pakuti ku Karonga zimayenda mumsewu momasuka, makamaka madzulo.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi la Livingstonia. Msewu wa Gorodi wochokera pa Chitimba ndi makilomita pafupifupi 15 okwera phiri, wamiyala, wokhala ndi makona akuthwa okwana 20. Kagalimoto kanu musakakwezeko. Koma kubwereka galimoto yaikulu sabata yathunthu chifukwa cha makilomita 15 n'kutaya ndalama. Siyani yanu pamalo ogona pa Chitimba, mukwere galimoto za anthu akomweko kapena njinga yamoto, mukaone mathithi a Manchewe ndi nyumba yamiyala ya Robert Laws, amene anasamutsira mishoni kumeneko mu 1894. Kulinso njira ina yolowera mbali ya Rumphi yosavuta ngati Gorodi.

Ubwino waukulu wa galimoto yanu ndi wakuti mumaima pamene mtima wafuna, osawerengera makilomita. Ku Nkhotakota mungapatuke kukaona mkuyu umene David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo. Ku Bandawe kuli tchalitchi chakale ndi manda a amishoni amene anasamukira kumeneko mu 1881 atathawa malungo a ku Cape Maclear. Pa minda ya labala ya Vizara ana amagulitsa mipira yowumba okha. Ku Nkhata Bay mudye kondowole ndi nsomba ya batala, ku Karonga mulowe m'nyumba yosungiramo zakale mukaone chifaniziro cha mafupa a chinyama chachikulu chamakedzana chotchedwa Malawisaurus, n'kugula mpunga wa Kilombero wopita nawo kunyumba. Posambira funsani eni dera, pewani pamene mtsinje ukulowa m'nyanja chifukwa cha ng'ona, ndipo mukabwerako kayezetseni likodzo.

Minibasi ndiyo yotchipa koposa, palibe mtsutso. Ngati muli nokha ndi kachikwama kumsana, ikufikitsani. Vuto ndi nthawi: kudikira kuti idzaze, kusinthidwa galimoto pakati panjira, kutsika parodibuloko dzuwa likuswa mtengo. Komanso malo ambiri ogona ali patali ndi msewu waukulu, ndiye mutsika n'kuyamba kukambirana ndi akabaza. Ndi ana aang'ono kapena agogo, ayi ndithu.

Ilala ndi nkhani ina, ndipo siipikisana ndi galimoto kwenikweni. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba ndi kubwerera, kamodzi pa sabata. Imafika kumene tayala silifika: Likoma, Chizumulu, ndi Ruarwe kumene kulibe msewu wagalimoto. Gombe la pakati pa Nkhata Bay ndi Chiweta, pamene mapiri amagwera m'madzi mwachindunji, msewu umalilambalala podzera ku Mzuzu, ndiye mbali yaikulu ya gombelo simungaione muli pagalimoto iliyonse, yahayala kapena yanu. Nthawi yofika ndi yonyamuka imasintha malinga ndi mphepo ndi katundu, ndipo nthawi zina sitimayo imakhala ikukonzedwa, choncho funsani kaye ngati ikuyenda sabata imeneyo ndipo musapanikize masiku.

Kwa banja kapena gulu la anzanu anayi, m'chilimwe, yankho langa ndi galimoto yanu yokonzedwa bwino. Gonani ku Nkhotakota, kenako ku Chintheche kapena ku Nkhata Bay, kenako ku Chitimba, n'kumalizira ku Karonga. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, dzuwa likamapendeka mukhale mutafika, ndipo usiku musayendetse. Tengani ndalama zina m'manja, chifukwa netiweki ya Airtel Money ndi Mpamba imasowa m'malo ena, ndipo neti yoteteza ku udzudzu isatsale. Masiku akakhalapo, ikani galimoto pamalo otetezeka ku Nkhata Bay mukwere Ilala kupita ku Usisya kapena ku Likoma. Amene mulibe galimoto, kambiranani ndi mnzanu amene ali nayo, musonkhe za mafuta ndi za kugalaja, mugwirizanenso musananyamuke kuti tayala likaphulika mugawana bwanji.