François ndi Cluytens pa nyimbo za Ravel: dzanja limodzi landigonjetsa

Chimbalechi ndakhala nacho miyezi itatu. Muli ma concerto awiri a piyano (nyimbo zazitali za piyano ndi gulu lalikulu la zoimbira) a Maurice Ravel, wopeka nyimbo wa ku France, ojambulidwa ku Paris mu 1959. Pa piyano pali Samson François, ndipo André Cluytens akutsogolera gulu la Société des Concerts du Conservatoire.

Ndinachigulira concerto ya mu kiyi ya G, ija imayamba ndi kulira kwa chikwapu, thwaa! Ravel anapita ku America mu 1928 ndipo jazi ya kumeneko inamulowa m'magazi, mumaimva m'malipenga. François amaiimba bwino, koma pa gawo lachiwiri lodekha lija, pamene piyano imayenda yokha kwa nthawi yaitali, amakoka ndi kumasula liwiro mmene wafunira. Masiku ena zimandikoma, masiku ena ndimalakalaka akanangoyenda phee.

Chimene sindinayembekezere ndi concerto ya dzanja lamanzere. Ravel anailembera Paul Wittgenstein, woimba piyano wa ku Vienna amene anaduka mkono wamanja pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo inaimbidwa koyamba mu Januwale 1932. Imayambira pansi penipeni, ma double bass (zoimbira zazikulu za zingwe) akung'ung'udza, contrabassoon (chitoliro cha liwu la besi) ikukwawa ngati chinthu chotuluka m'matope. Ulendo woyamba ndinakweza voliyumu poganiza kuti masipika afa. Kenako gulu lonse likukwera, likukwera, mpaka piyano kulowa ndi ukali. Apa François sachita manyazi. Amamenya ngati munthu wokwiya, kenako chala chachikulu chokha n'kuyamba kuimba nyimbo yofewa pamwamba, zala zinazo zikugwira ntchito pansi. Mukatseka maso mungalumbire kuti manja ndi awiri. Ndabwereza chigawo chomaliza cha piyano yokha kosawerengeka, mpaka akunyumba anayamba kundiseka.

Zoipa zilipo. Kajambulidwe nkakale, ndiye m'malo a zii mumamveka kaphokoso ka tepi, makamaka mukavala mahedifoni. Zitoliro ndi malipenga a Afalansa a nthawi imeneyo zili ndi liwu lowonda, lonjenjemera, lomwe ena sangalikonde. Ine ndalizolowera, moti ndikamva magulu amakono ndimaona ngati asalaza kwambiri. Komanso wogulitsa ananditumizira kabokosi kosweka pakona, ngakhale chimbalecho chinafika chabwinobwino.

Ndachipatsa nyenyezi zinayi ndi theka pa zisanu. Theka ndachotsera gawo lodekha lija la mu G.