Jetson Orin Nano ku Kasungu: bolodi ndi yamphamvu, koma ntchito imayambira pa kompyuta ina

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi mafoni pa boma la Kasungu, ndipo bolodi imene ndikufotokoza pano ndinaigula chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira zolemba mapulogalamu a kompyuta. Iye ankafuna kuyesa ngati kamera yolumikizidwa ku kachipangizo kakang'ono ingathe kuzindikira masamba a chimanga odyedwa ndi mbozi za ntchemberezandonda popanda kudalira intaneti, popeza kuminda ya kwathu cha ku Chamama netiweki imapezeka mwa apo ndi apo. Titafunsa uku ndi uku tinasankha Jetson Orin Nano Developer Kit ya kampani ya NVIDIA, kakompyuta kakang'ono ka pa bolodi imodzi kopangidwira ntchito za AI. Taigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndikuona kuti amene akufuna kuigula ayenera kudziwa msanga kuti ndalama ndi nthawi yake yambiri sizidzathera pa bolodiyo, koma pa kompyuta ina imene idzaikonzekeretse.

Bolodi imeneyi inatuluka mu 2023 pa mtengo wa madola 499 a ku America, koma mu Disembala 2024 kampaniyo inatsitsa mtengo kufika pa madola 249 ndi kuwonjezera dzina lakuti Super, itakweza liwiro lake kuchoka pa 40 kufika pa 67 TOPS (muyeso wa liwiro pa ntchito za AI) posintha mapulogalamu okha. Ili ndi purosesa ya Arm Cortex-A78AE ya magawo 6, GPU (gawo lowerengera za zithunzi ndi za AI) ya mtundu wa Ampere yokhala ndi timagawo 1024 totchedwa CUDA core, komanso memori ya 8GB. Zonsezi zili pa kachipangizo kokwana pa chikhatho cha munthu wamkulu. Mtengo wa madola 249 ndi wa kunjako. Kuti katunduyu afike ku Kasungu pamafunika ndalama zotumizira, msonkho wa pa chipata ndi ndalama zakunja zimene aliyense akudziwa mmene zikuvutira kupeza, choncho musawerengere pa nambala imeneyo yokha.

M'bokosi mumapezeka bolodi yomangiriridwa kale ndi fani yake, pamodzi ndi adaputala ya magetsi ya 19V. Wi-Fi ilimo kale. Chosungira zinthu mulibe, kotero muyenera kugula nokha khadi la microSD kapena diski ya SSD ya mtundu wa NVMe, imene imalowa kunsi kwa bolodi. Chimene chinatidzidzimutsa n'chakuti polumikizira sikirini ndi DisplayPort basi, pamene masikirini ndi ma TV ambiri amene ndimakonza kuno ndi a HDMI kapena VGA. Vutoli ndi lathu ndithu, chifukwa zinalembedwa poyera ndipo sitinawerenge, koma linatikankhira ku njira imene pamapeto pake ndinaikonda, yokonza zonse kuchokera pa laputopu popanda kulumikiza sikirini kapena kiyibodi ku bolodiyo.

Pali njira ziwiri zoikira pulogalamu yoyendetsa bolodiyi, imene imatchedwa JetPack. Yoyamba ndi kulemba fayilo yonse pa khadi la microSD ndi kulilowetsa, monga amachitira anthu a Raspberry Pi, kakompyuta kena kakang'ono ka pa bolodi imodzi. Njirayi imaoneka yachidule, koma ili ndi msampha wake: mabolodi ena amene anapangidwa kale amabwera ndi firmware (pulogalamu ya mkati imene imadzutsa bolodi) yogwirizana ndi JetPack 5, ndipo sangadzuke ndi khadi la JetPack 6 kufikira firmware yeniyeniyo itasinthidwa. Njira yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito kompyuta ina yokhala ndi pulogalamu ya SDK Manager, imene imafulasha bolodi kudzera pa chingwe cha USB, monga mmene ife okonza mafoni timafulashira foni yokana kuyaka. Njira imeneyi imalemba firmware ndi Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows) pa nthawi imodzi, ndipo imalola kuika zonse pa SSD, imene ndi yachangu ndi yolimba kuposa khadi. Ndiyo imene tinatsata, ndipo ndiyo imene ndingalangize.

Apa ndi pamene panagona nkhani. SDK Manager imene tinagwiritsa ntchito inapangidwira kompyuta ya Linux yokhala ndi purosesa ya Intel kapena AMD, ndipo pa JetPack 6 ife tinagwiritsa ntchito mtundu wa Linux wotchedwa Ubuntu 22.04, amenenso ndi maziko a pulogalamu imene imalowa m'bolodiyo. Pafupifupi laputopu iliyonse imene imafika pa tebulo langa imakhala ya Windows. Mnyamatayo, posafuna kusokoneza laputopu yake, anaika Ubuntu mkati mwa Windows ngati virtual machine, kapena kuti kompyuta yongoyerekezera, ndipo tinataya madzulo awiri. Chifukwa chake n'chakuti pofulasha bolodi imadzizimitsa ndi kudzukanso kangapo, ndipo nthawi iliyonse imaonekera ku kompyuta ngati chipangizo china cha USB. Kompyuta yeniyeni imaigwira pomwepo, koma yongoyerekezerayo nthawi zina imaiphonya, ntchito n'kuimira pakati. Titatopa ndinatulutsa laputopu yakale imene mwini wake anaisiya atagula ina, ndinafufuta zonse ndi kuikamo Ubuntu yekha. Kuchokera pamenepo vuto limenelo silinabwerenso. Laputopuyo siifunika kukhala yamphamvu, koma ikhale ndi malo ambiri osungira zinthu, pakuti mafayilo akamamasulidwa amatupa kwambiri.

Chachiwiri ndi intaneti. Kuti mulowe mu SDK Manager mufunika akaunti ya NVIDIA Developer, imene ndi yaulere, koma mafayilo amene pulogalamuyi imakoka ndi a magigabayiti ambiri, ndipo kwa munthu wogula bandulo ya pa foni limenelo ndi bala lalikulu m'thumba. Pali zinthu ziwiri zimene zinatipulumutsa, zomwe ndikuyamikira amene anakonza pulogalamuyi. Pa tsamba loyamba mungathe kuchotsa chizindikiro pa gawo la Host Machine, kuti isakoke mapulogalamu a laputopu amene simukuwafuna, ingokoka a bolodi okha. Komanso ili ndi mwayi wokoka mafayilo tsopano ndi kudzawaika tsiku lina. Ife tinakoka usiku, pamene netiweki imapepukirako, kenako tinakopera foda yonseyo pa diski yapadera. Tsopano ndikafuna kufulashanso sindiyambanso kukoka zonse, ndipo ndikulangiza aliyense kuti asafufute foda imeneyo ngakhale malo atachepa bwanji.

Kuti laputopu iione bolodi, bolodiyo iyenera kulowetsedwa mu recovery mode, pamene imangodikira kufulashidwa, ndipo palibe batani loti mudine. Kunsi kwa gawo lokhala ndi fani kuli mzere wa mapini 12, ndipo muyenera kulumikiza pini 9 ndi pini 10, amene analembedwa GND ndi FC REC, magetsi ali chizimire. Zilembo zake ndi zazing'ono moti ndinachita kuvala magalasi ndi kuunika ndi tochi ya foni. Kajampa, kachipewa kakang'ono kolumikizira mapini awiri, tinakachotsa pa bolodi ya kompyuta yakufa imene inali m'katoni pakona. Mukatero mumalowetsa chingwe cha USB-C kuchokera ku laputopu, kenako n'kulumikiza magetsi. Musanatsegule SDK Manager lembani lamulo la lsusb pa terminal ya laputopu, pamene pamalembedwa malamulo, kuti muone zipangizo za USB zimene zalumikizidwa. Ngati zonse zili bwino mudzaona mzere wokhala ndi nambala 0955:7523 ndi dzina la NVIDIA.

Ife mzerewo sunaoneke. Tinachotsa kajampa ndi kukabwezera kanayi, tinasintha malo olowetsa USB, ndipo mnyamatayo anayamba kutuluka thukuta poganizira ndalama zimene zinapita. "Malume, kapena tagula yakufa," anatero motsitsa mawu. Ndinamuuza kuti abweretse chingwe cha foni yake, ndipo titangochilowetsa nambala ija inatulukira. Chingwe choyambacho ndinachigula pa benchi ina ya mumsika, ndipo chinali chongotchajira, chopanda mawaya odutsa mauthenga, ngakhale wogulitsa anandiuza kuti, "Achimwene, ichi ndi orijino." Kunja zingwe ziwirizo zimafanana ngati mapasa. Njira yoyesera ndi yophweka: lumikizani foni ku laputopu ndi chingwecho, ndipo ngati simungathe kuona zithunzi za m'foni, chingwecho sichingafulashe kanthu.

Bolodi ikazindikirika, SDK Manager imafunsa kumene iike pulogalamu, ndipo ife tinasankha NVMe. Imaperekanso mwayi wolemberatu dzina ndi pasiwedi ya wogwiritsa ntchito, chimene n'chofunika kwambiri kwa munthu wopanda sikirini ya DisplayPort, chifukwa popanda kutero bolodi imadzuka n'kumadikira mayankho. Ulendo woyamba magetsi anathima ntchito ili pakati. Laputopu inapitiriza ndi batire lake ngati palibe chachitika, koma bolodi ilibe batire, ndipo inazima nthawi yomweyo firmware isanathe kulembedwa. Ndinadandaula kwambiri usiku umenewo, koma m'mawa tinabwezera kajampa, nambala ija inaonekanso, ndipo tinayambiranso. Pamenepa chipangizochi chinandikhutiritsa, pakuti recovery mode imakhala mu chipu chenichenicho osati m'zimene mukulembazo, kotero kufulasha kolephereka sikuipha. Ulendo wachiwiri tinailumikiza ku inveta ndi batire la sola, ndipo inatha bwinobwino tisanamalize kumwa tiyi wachiwiri.

Gawo lomaliza silinavute. Mukachotsa kajampa bolodi n'kudzuka, chingwe chomwecho cha USB-C chimasanduka netiweki yaing'ono pakati pa ziwirizi, bolodi n'kutenga adiresi ya 192.168.55.1. SDK Manager imadutsa pamenepo poika CUDA, cuDNN ndi TensorRT, amene ndi mapulogalamu othandiza GPU kugwira ntchito za AI, ndipo inunso mungalowe pa adiresi yomweyo ndi SSH, njira yolamulira bolodi kuchokera pa laputopu. Pa gawoli bolodi imafunanso intaneti yakeyake kuti ikoke tizidutswa tina, choncho sungani bandulo yotsala.

Pa kagwiridwe kake ka ntchito ndilibe chodandaula chachikulu. Tinalumikiza kamera ya USB ndi kuyesa pulogalamu yophunzitsidwa kale kuzindikira mitundu 80 ya zinthu, ndipo titailozetsa kumsewu inkalemba mabokosi pa anthu, njinga za kabaza ndi magalimoto mosachedwa, intaneti ili yozimitsa. Mbuzi ya aneba itadutsa inaitcha nkhosa, kenako galu, chifukwa pa mitundu 80 ija mbuzi palibe. Tinaseka, koma zinatikumbutsa kuti bolodi imangodziwa zimene yaphunzitsidwa, ndipo za ntchemberezandonda tiyenera kuiphunzitsa tokha ndi zithunzi za m'minda ya kuno. Kuphunzitsa kwenikweni ndi ntchito yolemera imene ndi bwino kuichitira pa kompyuta yaikulu, bolodi n'kungolandira zotsatira zake. Memori ya 8GB ija purosesa ndi GPU zimagawana, ndipo mukatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi lamulo la tegrastats limaonetsa ikudzadza msanga. Ichi ndi chifukwa china chogwirira ntchito pa SSH m'malo moyatsa zokongoletsa za pa sikirini.

Magetsi imadya pang'ono. Ndi lamulo la nvpmodel mungasankhe mlingo monga 15W kapena 25W, kutanthauza kuti batire la sola la pakhomo lingathe kuiyendetsa kwa maola angapo, ndipo kwa ntchito ya kumunda ubwino wake waukulu ndi umenewu. Chimene ndikuda nacho nkhawa ndi fumbi. Bolodi imabwera yosavundikira, ndipo mu Okutobala, pamene mphepo imanyamula dothi la m'misewu ya Kasungu kulowetsa m'nyumba, fani yake inayamba kufiira patangopita masabata awiri. Tinaipangira kabokosi ka pulasitiki kobooledwa m'mbali, ndipo ndimaipukuta ndi burashi yofewa Loweruka lililonse.

Kwa wophunzira kapena mphunzitsi amene ali kale ndi laputopu yoti angaipereke kwa Ubuntu, amene saopa kulemba malamulo pa terminal, ndiponso ali ndi ntchito yeniyeni ya kamera imene akufuna kuichita kumalo opanda netiweki, bolodi imeneyi ndi yoyenera ndalama zake. Kwa amene akungofuna kuphunzira zoyambira za mapulogalamu kapena kuyatsa ndi kuzimitsa pampu ya madzi, Raspberry Pi kapena kabolodi kosavuta ka Arduino zingamukwanire pa mtengo wotsika ndi mutu wosawawa. Amene atsimikiza mtima awerengere pamodzi SSD, chingwe cha USB-C chodutsa mauthenga, kajampa, bandulo yaikulu ndi magetsi osadukiza kwa ola limodzi kapena awiri. Ife kajampa kathu tinakamata ndi tepi mkati mwa chivundikiro cha bokosi, laputopu yakale ija yakhala ya ntchito imeneyi basi, ndipo tikudikira Januwale kuti chimanga chikafika m'mawondo tikayambe kujambula masamba ku Chamama.